Injini ikuti +1.9 koma ikungozunguza mfumu: nambalayi ndiikhulupirire?

Najere_e4

Akuluakulu, ndithandizeni pa gemu iyi ya chess. Ma pawn atsekana kuyambira mzere wa a mpaka wa h, palibe mzere wotseguka ndi umodzi womwe. Woyera ali ndi rook pomwe wakuda ali ndi knight, zina zonse n'zofanana. Stockfish, injini (pulogalamu yosewera chess) ya pa webusaiti ya Lichess, ikupereka +1.9 mokomera woyera pa depth 35 (kuzama kwa kufufuza kwake), koma mamuvu amene ikulangiza ndi Kg2, Kh2, Kg1 basi, ndipo nambalayo siikukwera. Kodi injini imayeza bwanji malo otsekeka chonchi? Nanga bishopu amene wamangidwa kumbuyo kwa ma pawn ake, imamuwerenga ngati wathunthu?

KavaloWakuda

Achemwali, injini imagwira ntchito ziwiri zosiyana. Imafufuza mamuvu kutsogolo, ndipo ikafika pothera mzere uliwonse imayeza malowo n'kuwapatsa nambala. Chimene mukuona pa sikirini ndi muyeso wa pothera paja, osati umboni woti njira yopambanira ilipo.

Zida zotsekeredwa si zamtundu umodzi. Pali chida chimene chakodwa ndipo chidyedwa posachedwa. Mu gemu yoyamba ya Spassky ndi Fischer ku Reykjavik mu 1972, Fischer anadya pawn ndi 29...Bxh2, Spassky anatseka khomo ndi 30.g3, mfumu n'kunyamuka kukatenga bishopuyo. Zoterezi injini ya lero siivutika nazo, chifukwa kudyako kumaoneka m'kati mwa kufufuza. Mapulogalamu akale ndi amene ankagwa apa: poona kuti bishopu akupita, ankataya pawn kapena kupereka cheke yopanda phindu kuti tsokalo lidutse malire a pomwe akuona, n'kumayesa kuti lachoka. Olemba mapulogalamu anachita kuika lamulo ndi manja: bishopu wako akakhala pa a7 pomwe pawn ya mdani ili pa b6, chotsa mapointi.

Chovuta ndi chida chimene sichidzadyedwa konse, chamoyo koma chili m'manda. Onani Winter ndi Capablanca ku Hastings mu 1919. Bishopu woyera anathera pa g3, ma pawn ake omwe ali pa f2 ndi f3, akuda ali pa e5, f6 ndi g5. Capablanca sanalimbane naye. Anangosamukira mbali ya queen, kumene mdani anali woperewera chida chimodzi. Apa kufufuza sikukuthandizani, chifukwa palibe chodyedwa choti chioneke. Stockfish yakale inkawerenga mabokosi amene chida chingapondepo bwinobwino, n'kuchotsa mapointi pa pawn iliyonse yokhala pa mtundu wa bokosi la bishopu wake, komanso pa rook yotsekedwa ndi mfumu yake yomwe. Koma chilangocho chinali chaching'ono poyerekeza ndi mtengo wa chidacho, ndiye bishopu wakufa ankawerengedwabe ngati kuti ali pa ntchito.

Zanuzo ndi mtundu wina, linga. Rook yanu siinamangidwe, ikuyenda momasuka kumbuyo kwa khoma, kungoti khomo lolowera kulibe.

mkanda_f7

Zoona, koma malamulo apamanjawo anapita. NNUE, netiweki yoyeza malo imene imachita kuphunzitsidwa, inalowa mu Stockfish 12 mu 2020, ndipo pofika pa 16.1 muyeso wakale unachotsedweratu. Pano netiweki imayang'ana pomwe zida zakhala n'kupereka nambala molingana ndi malo ochuluka zedi amene inaphunzirapo. Bishopu wa m'manda uja imamuzindikira bwino kuposa kale, popeza maonekedwe otero amabwerabwera m'magemu. Linga lotsekeka kotheratu ndi losowa, ndipo m'malo ambiri amene netiweki inaona rook ikulimbana ndi knight, mwini rook ndiye ankakhala patsogolo. Ndiye imakupatsani nambala ya zomwe zimachitika kawirikawiri.

Muzikumbukiranso kuti kuyambira pa 15.1, +1.00 satanthauza pawn imodzi. Amatanthauza kuti injini ikasewera yokha kuchokera pamenepo ili ndi mwayi wa theka wopambana.

Nanga bwanji kufufuza sikukonza cholakwikacho? Depth imawerenga muvu ya mbali imodzi ngati sitepe imodzi. Lamulo la mamuvu 50, limene limalola gemu kutha molepherana, limafuna masitepe 100 opanda kudya kapena kusuntha pawn, inu muli pa 35. Pamzere uliwonse rook ija ikadalipo pothera, ndiye nambala imangoima chilili. Stockfish imatsitsako muyeso pang'onopang'ono pamene kawerengedwe ka mamuvu 50 kakukwera, koma ngati munachita kuyala malowo pa bolodi, kawerengedweko kayambira pa 0.

Yesani izi. Koperani FEN ya malowo, mzere wa zilembo ndi manambala wofotokoza pomwe zida zakhala. Ili ndi zigawo zisanu ndi chimodzi, chachisanu ndicho kawerengedwe kaja. Sinthani 0 akhale 80. Tsopano injini yatsala ndi mamuvu 10 kuti idye kapena isunthe pawn, ndiye ikakamizika kuulula pomwe ikufuna kuphwanyira. Ikagwera pafupi ndi 0.00, palibe chophwanyira chapafupi. Koma chenjerani: pulani imene imafuna mamuvu 20 okonzekera nayonso isowa pa mayeso amenewa, ndiye yesaninso ndi 60. Kenako ikani mizere ya MultiPV (chiwerengero cha mamuvu abwino amene injini imaonetsa) pa 4 kapena 5. Mamuvu onse akamapereka nambala yofanana ndendende, ngakhale osagwirizana n'komwe, ndiye kuti palibe muvu imene ikusintha kanthu.

Najere_e4

Zikomo achimwene. Pa 80 yatsika kufika pa +0.2. Pa 60 ikufuna kupereka rook podya pawn ya pa c5. Ndiye kuti gemuyi ndi yolepherana?

AgogoAZugzwang

Musathamange, mwanawe. Rxc5 imeneyo ndiye nkhani yonse. Malo otsekeka amatsegulidwa ndi nsembe kapena ndi zugzwang (pamene muyenera kusuntha koma muvu iliyonse ikuonongerani malo), ndipo zonse ziwirizi injini imachedwa kuziona. Muvu yotaya rook imaikidwa kumapeto kwa mndandanda n'kufufuzidwa mosazama. Zugzwang nayo imazemba chifukwa cha null move: injini imayerekeza kuti mbali ina yadumpha muvu, ndipo malo akakhalabe abwino imadula nthambiyo, pomwe mu zugzwang kukakamizidwa kusuntha ndiko kumapha. Iseweni nokha Rxc5 pa bolodi, bwezani kawerengedwe pa 0, injini iyambire pamenepo. Ngati ma pawn amene amasuka akuthamanga kuposa knight, nambala ikwera msanga, +3, +5. Kupambana kwenikweni nambala yake imakwera depth ikamakula. Ikatsika kapena kuima, nsembeyo inali yongothawa lamulo la 50.

Kuthawa kumeneko kunagwetsapo injini. Mu 2008 pa ICC, malo osewerera chess pa intaneti, Nakamura anatseka bolodi polimbana ndi injini ya Rybka, n'kupereka ma rook ake posinthana ndi zida zazing'ono. Rybka, podziona kuti ili patsogolo, inakana kulepherana, inataya pawn kuti kawerengedwe kayambirenso, khoma linagumukira kwa iyo yomwe, n'kugonja pa muvu 271.

Pa za Leela, injini ina imene inapangidwa motengera AlphaZero, ndisiyana pang'ono ndi anthu ambiri amene amati imamvetsa linga. Imaona bwino chida chomangidwa, monga AlphaZero inatsekera queen ya Stockfish 8 pa h8 mu 2017, koma pa linga lachilendo nayonso imasochera. Ubwino wake ndi woti imapereka mwayi wopambana, wolepherana ndi wogonja padera. Stockfish nayo imatero mukayatsa UCI_ShowWDL pa kompyuta, kungoti manambala akewo amachokera pa muyeso womwe uja, ndiye akalakwa amalakwira limodzi.

Ma tablebase a Syzygy, nkhokwe za mayankho owerengedwa kale a malo okhala ndi zida zochepa, sanama, koma amathera pa zida 7 kuphatikizapo mafumu awiri. Inu muli ndi ma pawn 16 pa bolodi, ndiye sakuthandizani pokhapokha nsembe ija itasesa zambiri. Tumizani FEN yonse pano tione ngati knight ikufika pa c6 isanadutse pawn ya pa d.