Nandolo wafika ku India atachita chuku pamwamba

Wamalonda wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Kontena yathu ya nandolo yomwe inadzera ku Beira yafika ku doko la Nhava Sheva ku India matumba a pamwamba atanyowa ndi kuchita chuku, pomwe a pansi ali bwinobwino. Ogula akuti denga limadontha, koma tisanapakire mnyamata wathu analowa mkatimo, tinamutsekera zitseko, ndipo sanaone pobooka paliponse. Madziwo anachokera kuti?

Woyang'anira nyumba yosungiramo mbewu ku Kanengo:
Bambo, madziwo munawapakira nokha pamodzi ndi nandoloyo. Ngati munaika matani 24 pa chinyezi cha 14 peresenti, mkatimo munali madzi opitirira matani 3. Masana dzuwa la ku Beira likawotcha chitsulo, mbewu imatulutsa nthunzi, ndipo usiku denga likazizira nthunziyo imasanduka mame omwe amagwera pa matumba a pamwamba. N'chifukwa chake a pansi anapulumuka. Ife sitipakira nandolo wopitirira 12 peresenti, ndipo timayeza matumba a pakati pa mulu, chifukwa a kunja amauma msanga n'kutinamiza.

Wa zamtengatenga ku Beira:
Ndikugwirizana nawo, koma muonenso thabwa la pansi. Makontena ambiri amabwera atangotsukidwa kumene, thabwalo likuoneka louma pamwamba pomwe mkati mwake muli madzi, ndipo yotereyo muziibweza osachita manyazi. Yalani mapepala a krafti (mapepala okhuthala a bulauni) pansi, m'mbali ndi pamwamba pa katundu, siyani mpata pakati pa matumba ndi denga, kenako kolowekani timatumba ta mankhwala oyamwa chinyezi otchedwa calcium chloride m'mbali chakumwamba. Timeneti timayamwa madzi oposa kulemera kwake, pomwe mankhwala ena otere otchedwa silica gel amakhuta msanga ulendo usanafike pakati.

Wamalonda wa ku Limbe:
Zikomo kwambiri. Nanga timabowo ta mpweya ta m'mbali mwa kontena titseke kapena tisiye?

Wa zamtengatenga ku Beira:
Mukaika mankhwalawo, mumate timabowoto ndi tepi, apo ayi azingoyamwa chinyezi cha panyanja.

Woyang'anira nyumba yosungiramo mbewu ku Kanengo:
Kumatako kumathandiza pokhapokha mbewu itauma mokwanira, chifukwa ikakhala yaiwisi mwaitsekera m'nthunzi yake yomwe. Musanatumize ina, bambo, jambulani zomwe makina oyezera chinyezi akuonetsa pa tsiku lopakira, kuti a inshuwaransi akadzafunsa mudzakhale ndi umboni.