Bwanji anyamata a ku Canada ambiri chonchi anafera mu ndege zoponya mabomba?

Wachidwi_265
Abale nditafunseko amene mumatsata za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Akuti anyamata a ku Canada opitirira 10,000 anafera mu ndege zokaponya mabomba ku Germany, koma Canada ili kutsidya kwa nyanja, Hitler sanafikeko nkomwe, ndiye zinakhala bwanji? Komanso ndege ikawomberedwa sankangodumpha ndi parachuti?

AmalumeWaZomba
Achimwene, iwowa sankanyamukira kwawo ayi. Ankaphunzira kwawoko kenako amawatumiza ku England pansi pa Bomber Command, nthambi yoponya mabomba ya RAF, gulu la nkhondo la mumlengalenga la Britain. Kuyambira 1 January 1943 anali ndi gulu lawolawo, 6 Group, mabwalo awo ali ku Yorkshire ndi chakumpoto komweko, ndiye ulendo wawo wopita ku Germany unali wautali kuposa wa anzawo a kumwera. Ndege imodzi ya Lancaster kapena Halifax imanyamula anthu 7, ikagwa imodzi ndiye kuti makomo 7 alira maliro tsiku limodzi. Lamulo linali loti ukwanitse maulendo 30 ndiye upume, ambiri sankafikako. Mu Bomber Command yonse anafa 55,573 mwa anthu pafupifupi 125,000, taganizani, pafupifupi theka. Usiku wa 30 March 1944 wokha popita ku Nuremberg zinanyamuka ndege 795, zoposa 90 sizinabwerenso, mwezi unali ngwee ndipo mitambo yomwe amayembekeza kuti iwabisa panjira kunalibe, ma Jeremani amangowaona bwinobwino.

Nachisale
Za parachuti zija si zophweka ngati mmene mukuganizira bambo. Ambiri sankavala nthawi zonse chifukwa mkati munali mopanikiza, imakhala yopachika pambali, ndiye ndege ikuyaka, ikuzungulira mumdima, iwe uifunefune, uimange, ukwawe mpaka pa kachitseko. Kachitseko ka Lancaster kanali kakang'ono kwambiri, nchifukwa chake opulumuka mu Halifax anali ochulukirapo. Ndiye ma Jeremani anaika mfuti zoloza mmwamba pa ndege zawo za usiku, amabwera pansi pa mimba pomwe palibe akuyang'ana nkuwombera matanki a mafuta mmapiko, anthu amangozindikira moto wabuka osadziwa kuti wachokera kuti.

Mufufuze dzina la Andrew Mynarski wa ku Winnipeg, wa 419 Squadron. Mu June 1944 ndege yawo itayatsidwa ku France iye mmalo modumpha anadutsa pamoto kukapulumutsa mnzake Pat Brophy yemwe anatsekeredwa kumchira komwe amakhala wowombera. Zinakanika, zovala zake zinagwira moto, anadumpha akuyaka nkumwalira ndi mabala. Chodabwitsa Brophy anagwa nayo ndegeyo koma anapulumuka, ndiye amene anadzafotokoza nkhaniyi, Mynarski nkupatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali olimba mtima, mu 1946.

KapitawoBT
Zonsezo nzoona koma mukungolira a mmwamba okha, nanga a pansi? Ku Hamburg, mzinda wa ku Germany, mu July 1943 mabombawa anapha anthu pafupifupi 40,000, ambiri azimayi, ana ndi nkhalamba, moto unachita kukhala kamvuluvulu. Bwana wa Bomber Command Arthur Harris, yemwe paunyamata wake anakhalapo ku Rhodesia, amakhulupirira kuti ukaphwasula mizinda nkhondo itha, ndipo amaloza dala mmene mukukhala anthu. Nkhondo itatha boma la Britain linachita nazo manyazi, chipilala chokumbukira anyamata a Bomber Command ku London chinadzatsegulidwa mu 2012, ambiri mwa opulumuka atapita kale.

AmalumeWaZomba
A Kapitawo apo sindikutsutsani, koma mnyamata wa zaka 20 samasankha mzinda, amangouzidwa madzulo kuti lero ndi Berlin nkukwera. Mlandu ngati ulipo ndi wa akuluakulu. Nkhaniyi ku Canada imawotchabe, mu 2007 ankhondo akale anakwiya ndi mawu omwe Canadian War Museum, nyumba yosungira mbiri ya nkhondo ku Ottawa, inalemba okayikira ngati mabombawa anathandizadi, mpaka anawasintha.

KapitawoBT
Kusintha mawu pakhoma sikudzutsa a ku Hamburg amalume. Komanso paja oulukawa onse anali odzipereka okha, palibe anawakoka.