Khola la apikoko pakhomo: likhale lalikulu bwanji, nanga timangire chiyani?

Wa ku Domwe:

Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna kuweta apikoko kuno ku Angonia, tambala mmodzi ndi matadzi atatu, onse a chaka chimodzi. Kuseri kwa nyumba kuli khola lakale la nkhuku la mamita 2 kwa 3, lofolera udzu. Kodi ndingangolikonza n'kuikamo mbalamezi, kapena ndimange lina? Ngati n'kumanga lina, ndithandizeni miyezo ndi zipangizo. Nsungwi ndi bulugamu kuno n'zosavuta kupeza, koma alikongwe ndi agalu oyendayenda nawonso ndi ambiri.

Mmisiri wa ku Ulongwe:

Achimwene, khola la nkhukulo lisiyeni. Pikoko sayezedwa ndi thupi, amayezedwa ndi mchira. Tambala wanuyo panopa akuoneka ngati nkhukundembo yowonda, koma akafika zaka zitatu mchira umatalika mpaka mita 1.5, ndipo mbalame yonse kuchokera kumlomo imapitirira mamita 2. Akautambasula povinira matadzi umatenga malo oposa mamita 2 m'lifupi, iye n'kumazungulira nawo pang'onopang'ono. M'khola lopanikiza nthenga zimakhula waya, timaso tija timathothoka, ndipo nthenga ikathyoka siimeranso mpaka adzayoyole zonse nyengo yoswana ikatha. Ndiye kuti chaka chonse mukudyetsa mbalame yooneka ngati tsache lakutha.

Mbalame iliyonse ipatseni masikweyamita 8 kapena 9. Zinayi zanuzo, yezani mamita 4 m'lifupi ndi mamita 9 m'litali. Mamita 3 a mbali imodzi akhale nyumba yofolera, mamita 6 otsalawo akhale bwalo la waya. Msinkhu usachepere mamita 2.4.

Nsanamira dulani za bulugamu wokhwima, zotalika mamita 3, zonenepa masentimita 10 mpaka 12 kunsonga. Masentimita 60 alowe pansi. M'mbali zazitali zonse ziwiri zikani pangodya, pa mita yachitatu pomwe nyumba ikuthera, kenako pa 5, pa 7 ndi pa 9. Apo ndi nsanamira 10. Onjezani imodzi pakati pa mbali iliyonse yaifupi, ndi zitatu zotsatira mzere wapakati zogwira denga, zonse pamodzi 15. Za kutsogolo kwa nyumba zidule zotalikirapo masentimita 30 kapena 40 kuti denga lipendekere kumbuyo, madzi a mvula asagwere m'bwalo.

Chiswe ndiye mdani wa nsanamirazi. Zisendeni makungwa, ziume, muwauleko mbali yolowa pansiyo mpaka ide ngati khala, mupake oyilo wakuda wa galimoto. Oyiloyo athere pansi pomwepo, asafike pomwe mbalame zingajompheko. Ngati simenti ilipo, thirani konkire m'dzenje ndipo muikweze pang'ono pamwamba pa nthaka ngati kachulu, madzi asamaime patsinde. Bulugamu wauwisi wozika ndi makungwa ake amayamba kugwedera mvula ziwiri zisanathe.

Nsungwi zigwiritseni ntchito ngati mbalo ndi zotchingira mphepo, koma musazidalire ngati mpanda. Zikauma zimang'aluka n'kusiya mipata, ndipo likongwe amalowa paliponse pamene mutu wake wakwana.

Za waya: uja wofewa wa mabowo ngati zisa za njuchi, amene m'masitolo amati rede ya nkhuku, ntchito yake n'kuletsa mbalame kutuluka basi. Galu amaung'amba ndi mano, ndipo m'munsi umachita dzimbiri msanga. Pamita imodzi yoyambira pansi ikani waya wolimba wowotcherera, wa mabowo a mamilimita 13. Kumtundako mabowo a mamilimita 25 akwanira. Pokumana mawaya awiriwo muwapitanitse masentimita 10 n'kuwasoka ndi waya womangira, osasiya chikhatho chimodzi chosasoka. Zilombo zambiri zimalowera pamsoko ndi pansi pa chitseko, si pakati pa waya.

Zokumba pansi muthana nazo m'njira imodzi mwa ziwiri. Yotsika mtengo: yalani waya wina pansi kunja kwa khola, wotambalala masentimita 50, mulumikize kutsinde kwa mpanda, mukwirire ndi dothi ndi miyala. Galu amakumba pafupi ndi mpanda, akagunda waya saganiza zobwerera m'mbuyo. Yokhalitsa: maziko a njerwa zootcha olowa pansi masentimita 40 n'kutuluka pamwamba masentimita 50, waya n'kuumangirira m'njerwamo. Kwa ine njerwa ndiye zabwino kuno kwathu, chifukwa zimaletsanso madzi othamanga a mu January kulowa m'khola.

Nyumbayo muitseke mbali zitatu, makamaka yakummwera chakum'mawa kumene kumachokera mphepo ya mu June ndi July. Malata 7 a mamita 3.6 akwana denga lake pamodzi ndi khonde pang'ono. Chitseko chikhale chotambalala mita imodzi, ndipo mumange kachipinda kolowera ka zitseko ziwiri, mutseke chakunja musanatsegule cham'kati. Pikoko akadutsa pamiyendo panu sathamanga ngati nkhuku, amanyamuka n'kukatera pamwamba pa mtengo wa mango wa aneba.

Mayi a ku Moatize:

Amisiri anena bwino, koma malatawo ndikutsutsanako nawo pang'ono. Ku Ulongwe ndi ku Tsangano kuli pamtunda, malata savuta. Kuno kuchigwa, Moatize ndi mumzinda wa Tete, October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mbalame yogona masentimita 70 pansi pa lata imapsa. Mudzaiona yayasamula kukamwa, mapiko yagwetsa, sikudya. Amene akuwerenga ali kotentha afolere ndi udzu wochindikala, kapena ayale udzu kapena mphasa zakutha pamwamba pa malatawo, ndipo pakati pa khoma ndi denga asiye mpata wa masentimita 30 wotsekedwa ndi waya kuti mpweya wotentha uzituluka. Theka la bwalo likhale ndi mthunzi masana.

Chimene sichinatchulidwe ndi mtanda wogonapo. Pikoko sagona pansi, kwawo ku India amagona m'mitengo italiitali. Mtanda ukhale mita 1.6 kuchokera pansi, ndipo utalikirane ndi khoma lakumbuyo mita 1.2 kapena kuposa, kuti mchira uzilendewera osakhudza kanthu kaya wayang'ana uku kapena uko. Ukhale wonenepa masentimita 8 mpaka 10, wosalala, wopanda zisonga. Pa kamtengo kowonda zala zimangolendewera kunja, pomwe pa wotambalala mbalame imakhalira mapazi ake n'kuwafunditsa ndi nthenga za pamimba, zomwe n'zofunika kwanuko kukazizira. Paipi yachitsulo ayi, imaterera komanso imazizira. Ikani mtanda wina wotsika, wa masentimita 80, wokwererapo. Musaike wina pansi pa unzake, zitosi zingamagwere mchira.

Pansi pa mtandapo thirani mchenga wa kumtsinje wochindikala masentimita 10 kapena mankhusu a mpunga. Tambala amalemera makilogalamu 4 mpaka 6, ndiye akamadumphira pa simenti kapena pa dothi louma gwa m'mawa uliwonse, kuphazi kumachita kachilonda, kenako kumatupa n'kuumba chotupa cholimba chokhala ndi kachipsera kakuda pakati. Kuchiza kwake n'kovuta kuposa kutuma ngolo imodzi ya mchenga.

Denga la bwalo musalisiye lotsegula, koma musaikenso waya wokungika kwambiri ngati mungapeze ukonde. Mbalamezi zikadzidzimuka usiku, kaya ndi kadzidzi kaya ndi tochi, zimauluka cholunjika kumwamba ndi mphamvu zonse. Zikagunda waya wolimba kapena mtanda wa denga zimasupuka pamutu, zina zimathyoka khosi. Ukonde wa nayiloni wochindikala, wa mabowo a masentimita 5, umagonja pang'ono n'kuibwezera pansi. Vuto lake ndi loti dzuwa limaudya, ndiye muziukoka ndi dzanja chaka ndi chaka mvula isanayambe, ukayamba kuduka musinthe. Ndipo popeza mwiri ndi vumbwe amakwera n'kudula ukonde, kutsogolo kwa nyumba kukhale waya ndi chitseko chake kuti usiku mbalame zizitsekeredwa m'kati. Mtanda wokwera kuposa yonse ukakhala wa m'nyumbamo, zidzalowa zokha dzuwa likamalowa, chifukwa zimasankha pamwamba kwambiri nthawi zonse.

Pangodya imodzi youma ikani tayala lakale la galimoto lodzaza mchenga wosakaniza ndi phulusa la nkhuni, zizisambamo pochotsa utitiri ndi nsabwe. Chomwera madzi chikhale pamthunzi, pamwamba pa njerwa ziwiri.

Wa ku Domwe:

Zikomo achimwene, zikomonso mayi. Malo a mamita 4 kwa 9 alipo pomwe pali khola la nkhukulo, ndingaligwetse n'kumanga pomwepo. Nanga zikazolowera ndingamazitulutse masana pamodzi ndi nkhuku ndi nkhanga? Ndipo matadzi ndiwakonzere zisa ngati za nkhuku?

Wa za ziweto, Furancungo:

Bambo, pamalo a nkhukuwo ndiye musamangepo n'komwe, ngakhale mutagwetsa khola n'kusesa. Pali nthenda yomwe nkhuku zambiri zimakhala nayo osaonetsa, koma ikagwira nkhukundembo ndi apikoko, makamaka ana, imapha. Kachilombo kake kamabisala m'mazira a tinyongolotsi ta m'matumbo a nkhuku, mazirawo amatuluka ndi zitosi n'kukhala amoyo m'dothi zaka ziwiri kapena zitatu. Nyongolotsi za m'nthaka zimawameza, pikoko n'kudya nyongolotsiyo. Mbalame yodwala imazyolika, imagwetsa mapiko, imatsegula m'mimba zachikasu ngati sulufa, ndipo mukaitumbula chiwindi chimakhala ndi mabanga ozungulira olowa m'kati. Sankhani malo amene nkhuku sizinagonepo, okwera pang'ono, kumtunda kwa khola la nkhuku kuti madzi a mvula asamachokere kumeneko. Ngati malo ena palibiretu, palani dothi lapamwamba masentimita 15 mpaka 20 mukataye kutali, musiye pamtunda pawombedwe dzuwa chilimwe chonse, kenako muthire miyala ing'onoing'ono ndi mchenga watsopano. Zimachepetsa, sizithetseratu.

Kumbani ngalande kuzungulira khola. Dothi lofiira la kwanuko likanyowa limasunga madzi, ndipo m'khola lonyowa ndi momwe mumachuluka tizilombo totsegula m'mimba mwa anapiye, zitosi n'kumatuluka ndi magazi. Mchenga wa m'bwalo muziupala ndi kusinthako nyengo ya mvula ikatha. Mankhwala a njoka za m'mimba muzipereka mvula ikamayamba ndi ikamatha, mulingo wake mufunse alangizi a ziweto ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ziweto m'boma lanu, chifukwa umayendera kulemera kwa mbalame. Chitopa nachonso chimagwira apikoko. Katemera wa I-2 uja wodontheza m'diso, amene amaperekedwa kwa nkhuku miyezi inayi iliyonse, musawadumphe nawo, ndipo nkhuku zonse za pakhomo zilandire tsiku lomwelo. Mbalame yatsopano iliyonse ikhale payokha masabata atatu kapena anayi isanalowe mwa zinzake.

Zotulutsazo, musathamangire. Zikhale m'khola miyezi iwiri mpaka itatu osatuluka, zikudyetsedwa madzulo nthawi imodzimodzi, muluzu kapena kugogoda chitini kukhale komweko tsiku lililonse. Tsiku loyamba tulutsani imodzi yokha chakumadzulo isanadye, zinzake zikhale m'kati kuti iziitanidwa ndi kulira kwawo. Mukatsegulira zonse nthawi imodzi zimatha kuyenda ulendo umodzi. Komabe dziwani kuti pikoko woyendayenda amadya ndi nkhuku pamalo amodzi, ndiye nthenda ija mwaitsegulira nokha. Amathyola ndiwo m'dimba, amakwera padenga, ndipo tambala akadziona m'galasi la zenera kapena pa chitseko chonyezimira cha galimoto amamenyana ndi chithunzi chake mpaka kuchucha magazi m'miyendo. Nyengo yoswana amalira mokuwa usiku ndi mbandakucha, choncho kholalo lisayandikire zenera la chipinda chogona, lanu kapena la aneba. Ine ndingati ana osakwana miyezi isanu ndi umodzi asatulukeko n'komwe.

Zisa za mabokosi kawirikawiri sazilowa. Thadzi amapala kadzenje pansi pobisika. Pangodya za nyumba, kutali ndi pansi pa mtanda, tsamiritsani mitolo ya udzu kapena chidutswa cha mphasa kuti pakhale kamdima, pansi muyale udzu wouma. Ngodya zikhale zokwanira matadzi onse atatu kuti asalimbirane. Anuwo adzayamba kuikira akakwana zaka ziwiri, mazira anayi mpaka asanu ndi atatu, n'kufungatira masiku 28. Ena amaikira ali pamtanda dzira n'kugwa, mchenga uja umapulumutsako. Muzitola msanga, chifukwa tambala akalawa dzira losweka amazolowera kuswa.

Nkhuku yachikuda imatha kufungatira mazira a pikoko anayi kapena asanu, monga timachitira ndi a nkhanga, koma anawo akangoswa muwalere pamalo oyera, osati m'khola la nkhuku. Kachipinda ka ana kakhale ndi waya wa mamilimita 13 mbali zonse mpaka pamwamba, chifukwa amayamba kuuluka ali ndi sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo makoswe ndi njoka zimalowa pa mabowo a mamilimita 25 aja mosavuta. Gaga yekha sawakwanira, amafuna chakudya cha anapiye choonjezeramo soya wokazinga wopera, dzira lophika kapena usipa wosinja. Chiswe amachikonda kwambiri. M'chomwera chawo muikemo timiyala kuti asamire.

Mmisiri wa ku Ulongwe:

Ndionjezere pa za ana. Mwa anawo mudzatuluka atambala, ndipo akakula sangakhale khola limodzi ndi bambo wawo nyengo yoswana. Ndiye poyeza malo panopa siyani mamita 4 ena m'mbali mwa kholali kuti lachiwiri lidzagwirane khoma ndi loyambali. Mpanda wapakatiwo, mita imodzi yam'munsi mudzatseke ndi malata akale kapena nsungwi zolukana kuti asamaonane, apo ayi amakhalira kuyenda uku ndi uku m'mbali mwa waya n'kumamenyana ndi zikongo kupyolera m'mabowo. Misomali ndi nsonga za waya zonse zipindikire kunja. Mukamaliza kumanga lowani m'kati muyende chogwada, mukusisita paliponse ndi nsanza ya chitenje. Pomwe nsanza yakodwa, pamenepo mchira udzakodwanso.