Pulitzer ya nyimbo ija, inali ya opeka nyimbo za zida zokha kapena ndinanamiza mwana?

wapiyano88:
Moni nonse. Pali mwana wina amene ndimamuphunzitsa piyano, sabata yatha anandifunsa kuti aphunzitsi, zinatheka bwanji kuti woimba wa rap Kendrick Lamar apate Pulitzer ya nyimbo mu 2018 pomwe inu munandiuza kuti mphoto imeneyi ndi ya anthu a ku America opeka nyimbo za zida, za ma orchestra zija zolembedwa pa manotsi? Ndinasowa chomuyankha ndipo zandikhala mumtima chifukwa sindifuna kuphunzitsa mwana zinthu zolakwika. Nde amene mukuidziwa mbiri yake ndithandizeni, inayamba bwanji, inali ya ndani kwenikweni, nanga zinasintha liti?

mkulu_wa_kwaya:
Aphunzitsi, simunanamize mwana kwenikweni, kungoti nkhaniyi ndi yaitali. Joseph Pulitzer anali mwini manyuzipepala, anamwalira mu 1911 ndipo mphoto zake zinayamba kuperekedwa mu 1917 kudzera ku Columbia University ku New York, koma panalibe ya nyimbo. Mu wilo yake anangosiya ndalama yothandizira wophunzira nyimbo, basi. Mphoto yeniyeni ya nyimbo inabwera mu 1943 ndipo woyamba kuitenga anali William Schuman ndi nyimbo yake A Free Song, yomwe ndi ya kwaya ndi orchestra, nde mukuona kuti kuyambira tsiku loyamba mawu analimo. Lamulo silinanenepo kuti zida zokha ayi. Linkafuna kuti wopekayo akhale wokhazikika ku America ndipo nyimboyo ikhale kuti yaimbidwa koyamba m'dzikomo chaka chimenecho.

Koma mukaona amene ankapata ndi pomwe mawu anu akuoneka oona. 1944 Howard Hanson ndi Symphony No. 4, 1945 Aaron Copland ndi Appalachian Spring, kenako Elliott Carter kawiri konse, 1960 ndi 1973, zonse ziwiri ma string quartet (nyimbo za zida zinayi za zingwe), Samuel Barber 1963 ndi concerto ya piyano (nyimbo ya piyano yothandizidwa ndi orchestra). Ma opera ankalowako mwa apo ndi apo koma gawo lalikulu linali la zida.

Ine imandikhudza kwambiri ndi ya Charles Ives. Bamboyu ankagwira ntchito ya inshuwalansi, nyimbo ankapeka usiku ndi kumapeto kwa sabata, ndipo Symphony No. 3 yake inakhala m'kabati zaka zoposa 30 osaimbidwa mpaka Lou Harrison anaitsogolera ku New York mu 1946. Poti lamulo limawerenga chaka chimene nyimbo yamveka koyamba, anapata mu 1947 ali nkhalamba atasiya kale kupeka, ndalamayo anangoigawa kwa ena. Tangoganizani zaka zonsezo munthu osamva ndi makutu ake zimene analemba.

achemwali_a_jazi:
Akulu afotokoza bwino koma asiya chilonda chenichenicho, 1965. Chaka chimenecho oweruza a nyimbo anapempha kuti Duke Ellington apatsidwe ulemu wapadera chifukwa cha ntchito yake ya zaka pafupifupi 40, bodi ya Pulitzer inakana, ndipo chaka chimenecho sanapereke mphoto ya nyimbo kwa aliyense ngati mmene zinalilinso mu 1964. Awiri mwa oweruza atatuwo anatula pansi udindo. Ellington anali ndi zaka 66. Ndipo pano ndi pomwe ine ndimati nkhani sinali ya zida kapena mawu, chifukwa Ellington ankapeka nyimbo za zida ndithu, malipenga, ma saxophone, piyano, gawo lililonse amalilembera munthu wake amene amamudziwa kaimbidwe kake. Vuto linali loti nyimbo zake zinkatchedwa jazi ndipo zinkaimbidwa kwambiri m'malo ovinira kuposa mu holo ya makonsati, komanso tisabisane, anali munthu wakuda ku America wa nthawi imeneyo. Anadzamupatsa ulemu uja mu 1999 atamwalira kale zaka 25.

Onaninso kuchedwa kwake. Mayi woyamba kupata anali Ellen Taaffe Zwilich mu 1983 ndi Symphony No. 1, patatha zaka 40 chiyambireni. Wakuda woyamba kupata mphoto yeniyeniyo anali George Walker mu 1996 ndi Lilacs. Chaka chotsatira nde Wynton Marsalis ndi Blood on the Fields, koyamba jazi kulowa pakhomo. Kenako mu 2004 anasintha malamulo kuti chimbale chojambulidwa chizikwanira ngakhale popanda manotsi, ndipo ndi chifukwa chake Ornette Coleman anapata mu 2007 ndi Sound Grammar. Khomo lomwelo ndi limene Kendrick analowera ndi chimbale chake DAMN. Mumuuze mwanayo choncho aphunzitsi, kuti sichinagwe kumwamba.

wavayolini_wakale:
Achemwali, za Ellington sindingatsutse ngakhale pang'ono, anamulakwira. Koma ndiloleni ndiyankhuleko mbali ya anthu opeka za orchestra chifukwa ine ndi komwe mtima wanga uli. Munthu amene walemba symphony amatha zaka ziwiri zitatu akulemba manotsi a oimba 80, kenako nyimboyo imaimbidwa kamodzi kapena kawiri basi, palibe wailesi yoiseweretsa, palibe ma miliyoni a anthu pa Spotify. Ndalama ya Pulitzer ndi $15,000 yokha, siyolemeretsa munthu, koma dzina lija ndi limene limapangitsa kuti ma orchestra ena aitanitse nyimboyo, oimba akupemphe kuti uwalembere ina, yunivesite ikupatse ntchito. Woimba wa rap wotchuka ali kale ndi ma Grammy ndi masitediyamu odzaza, mphotoyi ikapita kwa iye chaka chimenecho pali wina amene wataya mwayi womwe mwina sudzabweranso.

Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino ayi. Mu 1992 oweruza anasankha Concerto Fantastique ya Ralph Shapey, bodi, yomwe ambiri mwa iwo ndi akuluakulu a nyuzipepala osati oimba, inakana n'kupereka kwa Wayne Peterson, oweruza anadandaula poyera. Nde ngakhale pakati pa opeka za zida okhaokha panali kukokana. Komanso anthu ankadandaula kuti oweruza omwewo amangosinthana ndipo amakonda nyimbo za m'mayunivesite zovuta kumva, moti Steve Reich amene anasintha kaimbidwe ka anthu ambiri anadikira mpaka 2009 ndi Double Sextet.

achemwali_a_jazi:
Achimwene ndakumvani ndipo nkhawa yanuyo ndi yomveka. Koma taonani amene apata chitsegulireni khomo mu 2004, ambiri akadali a manotsi omwewo, ma opera, ma concerto, nyimbo za orchestra. Kendrick ndi mmodzi yekha wa mtundu wake. Ndipo oweruza a 2018 aja si kuti anakakamizidwa, anamvetsera chimbalecho pamodzi ndi nyimbo zina zonse n'kuchisankha okha.

wapiyano88:
Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Loweruka ndikamuuza mwana uja kuti ndinamuuza theka la nkhani, ndipo ndikufuna ndikamuseweretse Appalachian Spring kenako chimbale chimodzi cha Ellington motsatizana kuti amve yekha mmene onse awiri amagawira zida ntchito. Achimwene a vayolini, ya Ives ija ndingayambe nayo mwana wa zaka 14 kapena ndiyambe ndi concerto ya Barber poti iyeyo ndi wa piyano?

wavayolini_wakale:
Yambani ndi Barber aphunzitsi, makamaka gawo lachiwiri lija lodekha, lomaliza nde ndi lothamanga kwambiri ndipo limawerengedwa ma biti asanu, mumuuze ayese kuomba m'manja motsatira. Ya Ives idzabwere pambuyo, muli nyimbo za kutchalitchi zambiri zimene anazilukamo ndipo imakoma munthu akayamba kuzizindikira.