Magalasi a VR kapena minibasi ya ku Mulunguzi?

Wapampando: Amayi ndi abambo, nkhani ija ya ndalama zothandizira CDSS yathu. Achimwene athu a ku Johannesburg akuti tigule magalasi a VR anayi. Lankhulani pano, musakanong'oneze kumaliro.

Achimwene a ku Joni: Zikomo a Tcheya. Mwana akavala magalasiwa amaona ngati walowa mkati mwa injini. Amamasula pisitoni ndi manja ake, kuitembenuza, kuibwezera, osathyola kanthu. Ana athu amafika ku yunivesite ya MUBAS asanaonepo tebaini, chipangizo chomwe madzi amazunguza popanga magetsi. Za magetsi a ku Nkula amangozimva m'buku la fizikisi.

Anaphiri: Tizitchaja ndi chiyani achimwene? Batire lake silipitirira maola atatu, ndipo sola ya kusukuluko ikungokwana kompyuta ya ahedi.

Aphunzitsi opuma: Ndilankhuleko monga munthu wodya choko. Kalasi ya Fomu 3 imadzaza mpaka pakhomo. Magalasi anayi ndiye kuti anayi akuphunzira, enawo akuyang'ana anzawo akupalasa mphepo ndi manja. Komanso ena akavala amamva chizungulire ndi nseru. Chikhalirecho damu la Mulunguzi lili pamwamba pa phiri la Zomba pompa! Tibwereke minibasi, ana akaone khoma lake, potayira madzi likadzaza, mapaipi otsikira mtauni. Akaone okha kuti madzi amatsika popanda pampu chifukwa damulo lili kumtunda. Tsiku lina tikapemphe ku koleji ya ntchito zamanja ya Nasawa kuti akagwire sipanala yeniyeni.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, damu mukaliona kunja kokha. M'magalasi mwana amamanga mlatho, n'kuonjezera madzi pang'onopang'ono mpaka kuona pomwe wayambira kugumuka. Mwaiwala milatho imene namondwe Freddy anakokolola mu Malichi 2023? Kapena siteshoni ya magetsi ya Kapichira, yomwe namondwe Ana anaiononga mu Januwale 2022 dziko n'kugona mumdima? Zimenezo simungayeserere pa mtsinje wa Likangala.

Msungichuma: Mfundoyo ndaimva, ndi yabwino ndithu. Koma mapulogalamu ambiri amagulidwa padera, amafuna intaneti, ndipo galasi likasweka palibe wokonza mafoni wa mumsika wa Zomba angaligwire. Ndani azilipira bando mwezi ndi mwezi?

Anaphiri: Osati ine.

Achimwene a ku Joni: Chabwino. Anga ndibwera nawo pa Disembala, ana akayese kwaulere sabata imodzi. Akapanda kupindula ndisiya.

Wapampando: Ndiye tatero. A Msungichuma, funsani mtengo wa minibasi ziwiri zokwera phiri. Aphunzitsi, lembani kalata ku Southern Region Water Board yopempha chilolezo. Za magalasi tivota mu Januwale.