Za mtsempha wa bambo uja

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati bambo achitidwe opaleshoni, mtsempha wawo waukulu wa magazi m'mimba, aorta, utapezeka wotupa. Tinatsatira malangizo a achemwali ena amene anandiyankha oti tikaunikitsenso kaye konkuno ku Lilongwe.

Sikani yaonetsa kuti mtsemphawo watupa kufika masentimita 4.6. Adokotala akuti kwa amuna opaleshoni amaiganizira ukafika 5.5. Anatijambulira papepala njira ya opaleshoni yotchedwa EVAR: amalowetsa kapaipi kudzera m'mitsempha ya m'mphechepeche, osang'amba mimba. Munthu amachira msanga, koma amaunikidwabe moyo wake wonse poti magazi amatha kumadutsa m'mbali mwa kapaipiko.

Panopa angomwa mankhwala a BP. Fodya ndiye nkhondo, dzulo ndapeza ndudu m'thumba la jekete lawo. Adokotala anatichenjeza kuti mimba kapena msana ukangopweteka mwadzidzidzi, tithamangire kuchipatala.