Nyemba zakana kupsa, ophunzira akumenya mbale

Wophika wa ku Kasungu: Anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Sapulaya watibweretsera matumba a kholophethe pa koleji pano, koma nyembazi sizikupsa. Ndimatereka 4 koloko m'mawa, ikamakwana 12 zikadali gwa! ngati miyala. Nkhuni za sabata yonse zatha masiku atatu. Dzulo ophunzira anamenya mbale m'kafeteriya, ena kukhuthula ndiwo pakhomo pa khitchini. Akuofesi akuloza chala ine. Ndichite bwanji?

Mkulu wa ku Santhe: Thirani soda basi. Ife takulira chidulo.

Mayi wa ku Kamwendo: Pepani achimwene, zimawawa zimenezo. Nyembazo ndi zogonera, zakhalitsa m'sitolo yotentha ndi yachinyezi. Zoterozo sizifewa msanga ngakhale muwonjezere moto. Tapani m'manja muone, kholophethe wakale amada, kufiira kwake kumathima. Zivikeni madzulo, m'mawa mutaye madziwo. Koma kutentha kwa Okutobala kuno musazisiye nthawi yaitali, zimasasa.

Wophika wa ku Kasungu: Kuvika ndayesa mayi, zangosinthako pang'ono. Zina ndi zobooka, anankafumbwe akuyandama pamwamba.

Mkulu wa ku Santhe: Ndanena kale, soda.

Wosunga sitolo, Mchinji: Ngati ndi zofumbwa musalandirenso thumba lina, ndipo zotsalazo musasainire. Funsaninso ngati anathira Actellic komanso liti. Ena amathira mankhwala ochuluka lero, mawa katundu ali pa galimoto. Ine chaka china ndinalandira ufa wa mgaiwa osanunkhiza, ndinali pa changu. Chimanga chake chinali cha chuku. Nsima kuwawa, ana kudandaula m'mimba usiku wonse, m'mawa magalasi a khitchini onse pansi. Sapulaya anazimitsa foni, amene ndinalemba lipoti ndine. Mpaka lero ndimapisa mkono mpaka pansi pa thumba, chifukwa zabwino amaika pamwamba.

Mayi wa ku Kamwendo: Soda wambiri amapha mavitamini ena, ndipo nyemba zimamveka sopo. Ana a masiku ano amazindikira, akujambulani n'kuponya pa Facebook.

Mkulu wa ku Santhe: Ine sindinati wambiri. Kasupuni pa poto wamkulu. Zaka zonsezi ndaphikira sukulu zogonera komweko palibe anadwalapo. Mukamalimbana ndi mavitamini nkhuni zikutha, mwana agona ndi njala.

Wosunga sitolo, Mchinji: Samalaninso ndi nsinjiro. Mtedza ndi wambiri kwathu kuno, koma wosinja kale musagule, amasakaniza ndi wowola, poizoni wa chuku satha ndi moto. Ndipo zotsala za masana musawapatse madzulo.

Mayi wa ku Kamwendo: Panopa apatseni kaye soya pieces ndi kabichi, mitima itsike. Kodi usipa ukupezeka bwanji pa msika wa Kasungu? Kuno wakwera moopsa.

Mkulu wa ku Santhe: Wasowa ndi mwezi, dikirani mdima. Koma nyembazo achimwene, yesani soda.